Mbuliwuli za shuga ndi mchere: njira zinayi, musankhe malinga ndi moto umene muli nawo

Loweruka lapitali alamu anga a ku Kamwendo adandiimbira foni mawu ali okhumudwa, akuti alamu, poto wanga watsopano uja wada bii pansi, shuga wamatirira ngati phula ndipo ana akana kudya akuti zikuwawa, kodi inu mumatani kuti zanu zizituluka bwino? Ndidawafunsa chinthu chimodzi chokha, mwaphikira pa chani. Akuti pa mbaula, makala ali psuu. Ndiye vuto lidali pomwepo basi, njira imene adatsata si yolakwika ayi koma si ya moto umenewo.

Ine ndakhala ndikupanga mbuliwuli kuno ku Mchinji kwa zaka ndithu, za ana kunyumba, za kumiyambo ya kutchalitchi, nthawi ina ndidachitako ndi geni yake pafupi ndi sukulu, ndiye njira zinayi zimene ndilembe apazi zonse ndazigwira ndi manja anga. Palibe imene ili yabwino kwa aliyense, zimatengera moto wanu, poto wanu, ndi amene akadye.

Tiyambe ndi chimanga chenichenicho

Chimanga cha m'munda mwathu, kaya cha makolo kaya cha hayibulidi, musavutike nacho. Mukachikazinga pa phale njere zina zimang'ambika pang'ono, zokoma kukukuta inde, koma si mbuliwuli. Cha mbuliwuli ndi mtundu wakewake, njere zazing'ono zolimba ngati mikanda, khungu lake silitulutsa nthunzi. Mkati mwa njere muli timadzi pang'ono, ngati 13 kapena 14 peresenti, ndiye kutentha kukafika cha m'ma digiri 180 timadzi tija tasanduka nthunzi yosowa potulukira, khungu n'kuphulika, zoyera zija n'kutumphukira kunja. N'chifukwa chake chimanga chokhalitsa pa shelefu m'paketi yotsegula, kapena chimene mwachianika padzuwa poganiza kuti mukuchita bwino, chimakana kuphulika, chaumitsitsa. Sungani m'botolo lotseka bwino, kutali ndi dzuwa ndi anankafumbwe.

Tsono apa ndi pamene pali nkhani yonse. Shuga amayamba kusungunuka ndi kufiira cha m'ma digiri 160, akangopitirira 180 wayamba kupserera ndi kuwawa. Chimanga chikufuna moto umene shuga akuuthawa. Njira zonse zinayi ndi nzeru zosiyana zoyanjanitsira awiriwa, ena amawaika m'poto mmodzi n'kuchita changu, ena amawalekanitsa kuti akumane pambuyo.

Zimene ndikuyang'ana pa njira iliyonse

Choyamba mtengo. Uwu ndiwerengera m'masupuni osati m'makwacha, chifukwa chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wa shuga ndi mafuta sukhazikika, ndipo tonse tikukumbuka mmene shuga adasowera mu 2024, koma masupuni atatu ndi atatu basi kaya zinthu zakwera bwanji. Chachiwiri kapezekedwe, kodi zofunikazo mungazipeze pa gulosale ya pafupi kapena mpaka mukwere minibasi ya ku Lilongwe. Chachitatu kasamalidwe, apa ndikunena ntchito yotsuka poto komanso masiku amene mbuliwulizo zingakhale zisanalobodoke. Chachinayi zoopsa zake, kupsa, mano, ana.

Muyezo wanga ndi umodzi ponseponse kuti tifananitse chilungamo: hafu kapu ya tiyi ya chimanga, ndi magalamu ngati 100, mafuta ophikira masupuni aakulu 3, poto wa malita 5 wokhala ndi chivundikiro. Muyezo umenewu umatulutsa mbuliwuli za malita 3 kapena kupitirirako, beseni laling'ono lodzaza. Musaonjezere chimanga kuti muthane nazo msanga, njere zizingophimba pansi pa poto osaunjikana. Mafuta akhale a mpendadzuwa kapena a soya, a m'botolo kapena oyeza pamsika bola akhale atsopano. Otsala pokazinga usipa kapena tchipisi ayi chonde, mbuliwuli zimakoka fungo kwambiri. Majarini paokha musawaike m'poto poyamba, amapserera chimanga chisanatenthe n'komwe.

Njira yoyamba: zonse m'poto mmodzi

Iyi ndi imene alamu anga adayesa, ndipo ikatheka ndi imene ine ndimaikonda kuposa zonse. Mumatenthetsa mafuta muli njere zitatu zokha, zikaphulika zitatuzo ndiye kuti mafuta afikapo. Phulani poto, thirani chimanga chonse ndi shuga masupuni 3, takasani kamodzi mwachangu ndi mthiko, vundikirani, bwezerani pamoto. Kuyambira apa manja anu sapuma, mugwire poto ndi chivundikiro ndi nsanza youma n'kumagwedeza, kugwedeza, kunyamula pang'ono, kubwezera, chivundikiro chikhale ndi kampata kakang'ono koti nthunzi izituluka apo ayi zituluka zofewa. Phokoso likayamba kuchepa, osadikira kuti lithe, khuthulirani m'beseni lachitsulo kapena pa thireyi nthawi yomweyo, wazani mchere theka la supuni ya tiyi zikadali zotentha, mwazani ndi mthiko kuti zisagwirane. Zimatuluka ndi kachikopa kopyapyala konyezimira, pena shuga pena mchere, ukamadya dzanja silichoka m'mbale.

Mtengo wake: ndi wabwino zedi, masupuni 3 okha a shuga ndipo onse amamatirira pa mbuliwuli, palibe wogwera pansi. Moto ndi wa mphindi zochepa. Chimene mumataya ndi njere, chifukwa mukuphula msanga kuthawa kupserera ndiye kadzanja ka njere zosaphulika kamatsala, zimenezo muvomereze, kuli bwino kutaya njere makumi awiri kusiyana ndi beseni lonse lowawa.

Kapezekedwe: zonse zili pa gulosale, kupatula chimangacho chimene kuno mumachipeza m'mashopu a pa boma, pamsika kwa oyeza pa kapu, ndipo amene amadumpha pa Mwami kupita ku Chipata amabwera nacho kawirikawiri. Pa shuga pali kanthu, wa bulauni uja amene ambirife timagula, wochokera ku Dwangwa, Nchalo kapena ku Salima, amatheka ndithu koma popeza ndi woderako kale simuona msanga kuti wayamba kupsa, mumangomva fungo zitachitika kale. Ngati mukuyamba kumene gulani woyera.

Kasamalidwe: poto amatsala ndi shuga womatirira pansi ndi m'mbali, ndipo apa ambiri amalakwitsa, amatenga mpeni kapena mchenga n'kuyamba kupala mpaka poto kukandika. Thirani madzi, bwezerani pamoto awire pang'ono, shuga amasungunuka yekha, kenako sopo basi. Koma ngati mukufuna kupanga maulendo atatu anayi motsatizana dziwani kuti ulendo uliwonse muyenera kutsuka ndi kuumitsa poto, chifukwa kashuga kotsalako ndi kamene kamapsereza ulendo wachiwiri. Zikazizira n'kuzitsekera bwino zimakhala masiku awiri atatu nthawi ya chilimwe.

Zoopsa zake: njira iyi imasankha moto, sindikubisirani. Pa gasi ndi mtendere, mumachepetsa kapena kuzimitsa nthawi yomweyo. Pa hotipuleti mbale ija imachedwa kuzizira, mukatsitsa batani iyo ikadali yotentha, ndiye muzinyamula poto m'malo modalira batani. Pa mbaula zimatheka pokhapokha makala atagwa mphamvu, aja ayamba kuyera phulusa pamwamba, monga mukangophula ndiwo, osati ongokolezedwa kumene. Pa mafuwa ndi nkhuni sindikulangizani, lawi limanyambita mbali imodzi, utsi uli m'maso, mukamati muone mkati shuga wapita kale. Poto nayenso, masefuliya opyapyala aja opepuka ngati pepala amapsereza pakati, abwino ndi mapoto olemera a aluminiyamu oumba aja amene timagula pamsika, amagawa kutentha mofanana. Ndipo musasuzumire m'poto, njere yophulika imauluka ndi shuga wotentha, ikakugwerani pa nkhope simuiiwala.

Njira yachiwiri: shuga wosungunula padera, ija ena amati karamelo

Apa mumayamba mwaphulitsa chimanga ndi mafuta okha, palibe chopserera, moto uliwonse ukugwira. Kenako tengani lichero, petani monga mmene timapetera mphale, njere zosaphulika zimatsalira kumbuyo chifukwa ndi zolemera, zichotseni zonse. Sitepe iyi musaidumphe, njere yolimba ikabisala m'kati mwa shuga wouma ndi imene imathyola dzino la munthu. Ikani mbuliwuli m'beseni lachitsulo lalikulu limene mwapakamo timafuta, lapulasitiki ayi limasungunuka.

Tsopano m'kapoto kena ikani shuga kapu imodzi yosadzaza, madzi masupuni 2, majarini masupuni 2 kapena 3, ndi madontho angapo a mandimu, mandimuwo amathandiza kuti shuga asabwerere kukhala mchenga. Takasani mpaka asungunuke, akayamba kuwira siyani kutakasa, muzingopendeketsa kapoto. Apa ndi paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha, mumaima pomwepo osapita kukayankha foni, thovu likuwira, mtundu ukusintha kuchoka poyera kufika ngati uchi kenako ngati tiyi wopanda mkaka wosakhwimitsa. Kuti mudziwe kuti wafika donthezani pang'ono m'kapu ya madzi ozizira, akauma gwa n'kuthyoka ngati galasi ndiye wafika, akamatamuka ngati chingamu sanafike ndipo mbuliwuli zanu zidzamata m'mano. Phulani, thirani mchere, ndi soda wophikira kansonga ka supuni, mudzaona akufufuma thovu n'kuyera pang'ono, sodayo amapangitsa chikopa kukhala chosalimbitsitsa. Thirani pa mbuliwuli mukutakasa mwachangu, bwino pakhale anthu awiri wina kuthira wina kutakasa, chifukwa pakangopita mphindi imodzi wauma. Yalani pa thireyi zizizire kenako muzigamula.

Ife a ku Mchinji tili ndi mwayi wa mtedza, mukakazinga CG7 kapena Chalimbana n'kuchotsa makoko n'kusakaniza mmenemu, zimenezo ndiye za alendo olemekezeka. Musankhe mtedza wabwino wokhawokha, wachuku ndi wofota tayani, shuga amabisa kuwawa kwake koma poizoni wake sachoka ndi moto.

Mtengo wake: iyi ndiyodula. Shuga ndi kuchulukitsa kanayi poyerekeza ndi njira yoyamba, kuonjezera majarini, ndi moto wa maulendo awiri. Pa geni ine idandivuta, mwana wa sukulu amabwera ndi kandalama kochepa ndipo amayang'ana kukula kwa paketi osati kukoma, ndiye ukaika mtengo woti ubweze shuga wako sagula, ukatsitsa ukugwirira ntchito yaulere. Imayenda kwa akuluakulu, m'maofesi, pa ukwati, pa bridal shower.

Kapezekedwe: palibe chachilendo, majarini ndi soda zili m'magulosale, mandimu ali pakhomo pa anthu ambiri. Chimene chimasowa ndi beseni lachitsulo lalikulu, ambiri tidazolowera apulasitiki.

Kasamalidwe: ziwiya zotsuka ndi zambiri, mapoto awiri, beseni, mthiko, thireyi, koma zonse madzi otentha amathana nazo. Ubwino wake ndi wakuti mwa zinayi zonsezi iyi ndi imene imakhalitsa, chikopa cha shuga chija chimatchinga, m'bigili yotseka bwino imatha sabata nthawi youma ngati Ogasiti mpaka Okutobala. Nthawi ya dzinja nkhani ndi ina, Januwale ndi Febuluwale mpweya uli ndi chinyezi ndipo shuga amakoka chinyezicho, mukasiya poyera maola awiri zayamba kale kumata.

Zoopsa zake: apa ndilankhule motsindika. Shuga wosungunuka ndi wotentha kuposa madzi owira, ali cha m'ma digiri 150 kupita m'mwamba, ndipo akagwera pakhungu sayenderera ngati madzi, amakakamira n'kumapitiriza kuotcha. Ine ndili ndi chipsera pa dzanja lamanja chochokera pa dontho limodzi lokha, ndidatembenuka mwana atandikoka chitenje. Kuyambira tsiku limenelo ndikamapanga karamelo ana amakhala panja ndipo wakhanda sakhala kumbuyo. Mukapsa thirani madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, musapake mankhwala otsukira mano, dzira, kapena mafuta monga ambiri amachitira, ndipo ngati bala ndi lalikulu pitani kuchipatala. Komanso kwa amene ali ndi matenda a shuga m'nyumba mwanu, iyi si yawo, ndi ana akadya azitsuka mano.

Njira yachitatu: kuwaza shuga wosinja

Iyi ndidaphunzira kwa azakhali anga a ku Santhe, iwo gasi alibe, magetsi alibe, amaphika pa mafuwa chiyambire, koma adzukulu awo sasowa mbuliwuli. Tsiku lina ndikudandaula za poto wopserera adandiseka n'kunena kuti mwanawe, shuga ukumuikiranji pamoto, wakulakwira chani? Adatenga shuga masupuni 3 ndi mchere pang'ono n'kusinja limodzi mu kamtondo mpaka kusalala ngati ufa woyera, n'kusefa. Chimanga adaphulitsa ndi mafuta okha, atangophula adathira majarini osungunula supuni imodzi ndi theka mozungulira, n'kuwaza ufa uja, kuvundikira, kugwedeza kangapo, basi zatha.

Chinsinsi chake ndi kusinjako. Shuga wa m'paketi mmene alili ndi mchere wamibulu sizimata, zimangogwera pansi pa beseni ana n'kumanyambita kumapeto, koma zikakhala ufa zimagwira pa timafuta tija. Mtondo ukhale wotsuka ndi wouma, umene mwasinjiramo tsabola kapena adyo dzulo lake ayi. Ena amaonjezera mkaka wa ufa supuni imodzi, zimakoma ngati masiwiti a mkaka.

Mtengo wake: pafupifupi chimodzimodzi ndi njira yoyamba, kungoonjezera timajarini, koma njere zanu zimaphulika pafupifupi zonse chifukwa simukuthamangira kuphula. Shuga wina amagwerabe pansi ngakhale musinje bwanji.

Kapezekedwe: iyi ndiye ya paliponse, kaya muli ku Mkanda, ku Kapiri kaya kumudzi kwenikweni. Shuga wa ufa wogula uja wa makeke amachita bwino koposa koma ndi wodula ndipo mpaka mashopu akuluakulu, mtondo ukukwanira. Shuga wa bulauni amasinjika koma amaundana chifukwa ndi wonyowerako, muumitseni kaye padzuwa pang'ono mu mbale.

Kasamalidwe: poto amangofuna sopo basi, mutha kupanga maulendo khumi osatsuka pakati. Koma sizikhalitsa, majarini ali ndi madzi mkati mwake ndiye pofika mawa zafewa. Mukawasungunula n'kuwasiya awire pang'ono mpaka thovu litachepa madzi ena amachoka, zimathandizako. Mukasiya majarini n'kudalira mafuta a m'poto okha zimakhalitsako koma shuga amagwira wochepa.

Zoopsa zake: ndi zochepa, palibe shuga wotentha, mwana wamkulu wa sitandade 7 kapena 8 atha kupanga inu muli pomwepo. Mdani wake ndi nyerere. Ndipo ndinene chilungamo, kukoma kwake sikufika pa njira ziwiri zoyambazo, kulibe kukukutika kuja kwa shuga wopsa, ndi kutsekemera kwa pamwamba chabe ndipo zala zimatuwa ufa.

Njira yachinayi: uchi

Iyi sindichedwapo chifukwa ndi ya apo ndi apo. Uchi masupuni 2 ndi majarini supuni imodzi, kutenthetsa pang'ono mpaka zisakanikirane n'kuwira kamphindi, mchere, kuthira pa mbuliwuli zophulitsa kale. Musauike m'poto limodzi ndi chimanga ngati njira yoyamba ija, uchi umapserera msanga kwambiri kuposa shuga.

Mtengo wake ndi wokwera kuposa zonse pokhapokha ngati muli ndi ming'oma yanu kapena wachibale woweta njuchi, monga anzathu a midzi yozungulira Kasungu National Park. Kapezekedwe kake n'kotengera nyengo, ndipo wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu wina amakhala wosakaniza ndi madzi a shuga, gulani kwa munthu amene mukumudziwa. Pa kasamalidwe, sizisungika, uchi umakoka chinyezi kuposa shuga ndiye ndi zodya tsiku lomwelo, manja ndi mbale zonse zimamata. Choopsa chachikulu, uchi usapatsidwe kwa mwana wosakwana chaka chimodzi ngakhale konyambita chabe, ndipo musaganize kuti popeza ndi wachilengedwe ndiye kuti wodwala shuga atha kudya mmene angafunire. Fungo lake lokha ndi limene limandibwezera ku njira imeneyi, makamaka uchi wakuda wa m'tchire, nyumba yonse imanunkhira.

Zokhudza njira zonse

Ana osakwana zaka 4 mbuliwuli si zawo, zimatsamwitsa, kaya ndi za shuga kaya za mchere, ndipo ndaona amayi ambiri akupatsa mwana wa pamsana kuti asalire, chonde tisiye. Mbaula ya makala musalowe nayo m'nyumba yotseka mazenera ngakhale kuzizire bwanji mu Juni ndi Julayi, mpweya wa makala sununkha koma umapha. Mafuta akagwira moto m'poto musathire madzi, vundikirani ndi chivundikiro moto uzima wokha. Ndipo posunga dikirani zizizire kaye, mukatsekera zikadali zofunda thukuta lake lomwe limazifewetsa. Kwa a geni kumbukirani kuti mapulasitiki opyapyala aja ndi oletsedwa, ine ndidayamba kusunga m'bigili yotseka n'kumayezera kasitomala pa kapu m'timapepala toyera topinda ngati fanulo, zimakhalanso zouma bwino kuposa zomangiratu m'mawa.

Ndiye inu mutenge iti?

Ngati muli ndi gasi ndi poto wolemera, ndipo mukufuna za madzulo ano poonera mpira kapena filimu ndi banja, tengani yoyamba musaganize kawiri, shuga wochepa kukoma kwambiri. Ulendo woyamba yambani ndi theka la muyezo kuti manja azolowere. Wa hotipuleti nayenso yoyamba yomweyo, bola muzinyamula poto, koma ngati kwanu magetsi amakonda kuzima madzulo musayambe karamelo pa hotipuleti, shuga akazizirira pakati panjira amauma m'poto ndipo kumudzutsanso ndi ntchito.

Ngati mumaphika pa nkhuni, kaya pa mafuwa kaya pa chitetezo mbaula, yachitatu ndi yanu tsiku ndi tsiku. Mukafuna zapamwamba pa Khirisimasi pangani yachiwiri, chimanga pa lawi koma shuga pa makala otsala nkhuni zitanyeka, pamenepo moto umakhala wofatsa ndipo mumaona mtundu bwinobwino. Yoyamba isiyeni.

Ngati ndi geni ya ana a sukulu, werengani bwino. Yachitatu yopanda majarini ndi imene imalola kupanga zambiri m'mawa umodzi osatsuka poto, ndipo simutaya njere. Yoyamba imakopa makasitomala obwerera koma imafuna gasi kapena mapoto awiri osinthanitsa, wina ali pamoto wina akuviikidwa. Karamelo musungire maoda a akuluakulu amene alipiriratu, ndipo nthawi ya mvula muwauze kuti mupanga tsiku lomwelo.

Ngati mukutumiza kwa mwana wa ku boarding kapena mukunyamula ulendo wautali wa basi, yachiwiri yokha ndi imene ikafike ikadali youma, ikani m'chigubu chotseka osati m'jumbo, ndipo muikemo mtedza kuti zimugwire m'mimba. Ngati m'nyumba muli agogo a matenda a shuga kapena a BP, patulani mbale yawo musanathire chilichonse, njira yachiwiri, yachitatu ndi yachinayi zimalola zimenezi chifukwa chimanga chimayamba chaphulika chokha, yoyamba siyilola.

Alamu anga aja ndidawauza kuti poto wawo awiritsemo madzi kaye, ndipo popeza ali ndi mbaula yokha ndi sefuliya yopyapyala ayambe ndi ya mtondo, ya m'poto mmodzi adzayese tsiku limene ndidzapite ku Kamwendo ndi poto wanga wolemera uja, tidzadikire makala ayere phulusa tili limodzi.